Mwamuna M'chikuta

Amene adagonapo m'Ndirande andivomereza kuti dera limeneli siligona tulo. A pabala akamatseka wailesi yawo pakati pa usiku, a mapemphero ochezera amakhala atangotenthetsa kumene chimkuzamawu. Iwowa akamati amen ndiye kuti tambala walira kale, ndipo anyamata oitanira minibasi ayambapo: "Limbe! Limbe! Watsala mmodzi!" Ine ndakhala m'phokoso limeneli zaka 14, ndipo zaka 7 mwa zimenezi ndidakhala ndikulemba buku limodzi, osatha.

Ndine mphunzitsi wa Chichewa pa sekondale ina yoyendera mumzinda muno. Nyumba yomwe timachita lendi ndi ya zipinda ziwiri ndi pabalaza, koma ogonamo tilipo 8: ine, mayi a kunyumba, ana athu atatu, mlamu wanga, ndi ana awiri a malemu mchemwali wanga. Tebulo ndi limodzi. Mbandakucha mayi amakandirapo ufa wa mandasi a geni, madzulo ana amalemberapo za kusukulu, kenaka timadyerapo nsima. Likamafika kwa ine imakhala 10 koloko, pambali pali mulu wa makope oti ndichonge, mwinanso magetsi athawa. Ndikalemba mizere itatu, wina m'chipindamo watsokomola, wina akufuna kuperekezedwa panja. Buku langa lidaima pa mutu wachinayi ngati basi yothera mafuta pachitunda.

Sindikudandaula za ana ayi. Pajatu nyumba yopanda phokoso la ana ife timaitcha manda. Ndikungonena kuti nthano yaitali silembeka monga mmene tilembera kalata yopempha ngongole. Imafuna munthu alowe m'dziko la anthu ake opekawo, akhale nawo, amve mmene amayankhulira. Ukangoti walowa, wina n'kukukoka malaya, potulukapo khomo lija limatsekeka, ndipo mawa umayambanso kugogoda.

Tsiku lina mnzanga wa kuntchito adandionetsa pa foni yake zithunzi za malo otchedwa MacDowell, m'tauni yaing'ono ya Peterborough, ku New Hampshire m'dziko la America. Malowa adayamba m'chaka cha 1907 pa famu ya katswiri wopeka nyimbo, Edward MacDowell, ndi mkazi wake Marian. M'nkhalango ya kumeneko muli tinyumba 32 totalikirana. Mlembi, wojambula kapena wopeka nyimbo akasankhidwa amapatsidwa kanyumba kakekake kwa milungu ingapo, osalipira kanthu. Lamulo lake n'lakuti munthu sapita pakhomo pa mnzake asadaitanidwe. Koma chomwe chidandilasa mtima ndi ichi: nthawi ya nkhomaliro wantchito amabwera ndi dengu la chakudya, n'kulisiya pakhomo mwakachetechete, osagogoda, kuopa kudula maganizo a mlembi. James Baldwin adakhalako kumeneku. Alice Walker nayenso adakhalako.

Dengu pakhomo, osagogoda! Abale, usiku umenewo sindidagone.

Nditayamba kufufuza ndidapeza kuti malo otere alipo ambiri. Ku New York kuli Yaddo, yomwe idayamba kulandira alendo m'chaka cha 1926. Ku Italy, m'mphepete mwa nyanja ya Como, kuli Bellagio. Ku Scotland, pafupi ndi Edinburgh, kuli nyumba yachifumu yakale ya Hawthornden. Pa yunivesite ya Iowa ku America, Paul Engle ndi Hualing Nieh adayambitsa m'chaka cha 1967 pulogalamu yosonkhanitsa alembi a m'maiko osiyanasiyana, ndipo Bessie Head wa ku Botswana adakhalako m'chaka cha 1977. Ngakhale kuno ku Africa, dokotala yemwenso ndi mlembi, Wale Okediran, adatsegula nyumba ya Ebedi m'tauni ya Iseyin ku Nigeria m'chaka cha 2010.

Ndidayamba kulembera. M'zaka zitatu ndidalembera kasanu, kumalo omwe sindiwatchula pano. Kwina kumafunika kandalama kolembetsera ka madola, kolipira pa khadi lomwe ine ndidalibe, ndiye ndimachita kupempha anzanga. Koma vuto lenileni lidali lakuti konse komwe ndidalembera amafuna chitsanzo cha zolemba zanga m'Chingerezi. Ndimatenga masamba anga a Chichewa n'kuwatembenuza ndekha. Pomaliza ndikawerenga, nkhani ija imakhala ngati usipa wouma: mutu ulipo, mchira ulipo, koma kusambira kudatha. Mayankho onse asanu adabwera aulemu kwambiri, ndipo onse amathera pamodzimodzi. Sindiwaimba mlandu. Chomwe adaona si buku langa, adaona mtembo wake.

Nditamudandaulira mnzanga uja tili pa kachakumwa, iye adaseka nati, "Aphunzitsi, mukuvutikiranji? Ife kuno malo obindikirako alembi tidali nawo kale. Dzina lake Mikuyu. Chakudya chaulere, pogona paulere, alendo saloledwa."

Tidaseka, koma pobwerera kunyumba nthabwala ija idandiwawa. N'zoona kuti Jack Mapanje adamangidwa mu September 1987 n'kukhala m'ndende ya Mikuyu ku Zomba mpaka May 1991 popanda kuzengedwa mlandu, ndipo ndakatulo zomwe adasunga m'mutu zidadzatuluka m'buku la The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison m'chaka cha 1993. N'zoonanso kuti malemu Ngugi wa Thiong'o adalemba buku lake loyamba la m'Chikikuyu pa mapepala a kuchimbudzi ali m'ndende ya Kamiti ku Kenya m'chaka cha 1978. Koma anthu amenewa sadalembe chifukwa cha ndende. Adalemba polimbana nayo. Ndipo pa aliyense amene adatuluka ndi buku, tisaiwale aja amene adatuluka opanda mawu, kapena amene sadatuluke n'komwe. Kutsekeredwa ndi kubindikira n'zosiyana: wobindikira loko amakhala naye mkati.

Amene adathetsa nkhaniyi ndi mayi a kunyumba. Sukulu zitatsekera kumapeto kwa July 2024, adandipeza pakhonde ndikuwerenganso kalata yachisanu ija.

"Bambo a Chisomo," adatero, "kodi kwa azunguwo mukufunako chiyani kwenikweni? Ndege?"

"Bata," ndidayankha. "Chipinda, tebulo ndi bata."

"Basi? Nanga nyumba ya asuweni anu ku Dedza ija mukugona ndani? Si mileme?"

Zidali zoona. Msuweni wanga, mwana wa azakhali, ali ku Johannesburg. Monga achitira anyamata ambiri a ku Joni, adatumiza ndalama n'kumangitsa nyumba ya malata kumudzi, koma mwiniwake sadagonemo ngakhale mwezi. Ine ndidali nditaidutsa kangapo nyumbayo osaiganizira. Akulu adati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Mayi adalowa m'nyumba n'kutuluka ndi ndalama zokulunga m'kansalu. Adati n'zomwe adasunga kubanki m'khonde. "Izi ndi za thiransipoti, makope, makandulo ndi ndiwo za azakhali. Milungu itatu. Foni mukawapatse azakhali, muziyatsa Lamulungu lokha. Koma mukabwerako chimanjamanja, bukulo musadzalitchulenso m'nyumba muno. Tatopa nalo."

Ndidakwera basi ndi makope 10 ndi mabolopeni asanu.

Ku Dedza mu August kumazizira mofika m'mafupa, ndipo mphepo imawomba ngati ili ndi mangawa ndi munthu. Nyumba ya msuweni wanga idali yopanda siling'i, yonunkha simenti. Azakhali adandiyalira mphasa ndi matiresi, n'kubwereka tebulo ndi mpando kwa aphunzitsi a pa pulaimale. Ndidakhala pansi, n'kutsegula kope. Bata lomwe ndidalilira zaka 7 lija lidafika, ndipo lidandiopsa. Masiku awiri oyamba sindidalembe kanthu. Ku Ndirande ndimati cholakwa ndi phokoso. Apa phokoso padalibe, padangotsala ine ndi pepala, wonamizira n'kusowa.

Tsiku lachitatu kudayamba alendo. Kumudzi munthu wochokera m'tauni sangafike anthu osadzamulonjera, ndipo malonje ake si a mphindi ziwiri. Uyu wabwera ndi nzimbe, uyu akufuna ndimuwerengere kalata, uyu mwana wake walephera mayeso ndiye aphunzitsi atithandize nzeru. Ukakana akuti ndiwe wonyada. Pofika madzulo ndidali nditalonjerana ndi theka la mudzi.

Azakhali adaona zonsezi osanena kanthu. M'mawa mwake adatenga mkeka ndi lichero la mtedza, n'kukhala pakhonde pa nyumbayo. Woyamba kufika adali bambo wina wachikulire.

"Odi! Aphunzitsi alimo?"

"Alimo, koma saoneka," adatero azakhali. "Ali m'chikuta."

"M'chikuta? Mwamuna?"

"Eya. Mimba yake yatenga zaka 7. Mukufuna mwanayo afere m'njira? Mudzabwere Lamulungu, tikaweruka kutchalitchi."

Bamboyo adaseka mpaka kutsokomola, koma adabwerera. Pofika madzulo mudzi wonse udadziwa kuti kwa azakhali kuli mwamuna ali m'chikuta. Ana amadutsa akunong'onezana. Koma adandisiya.

Kwa inu amene mudakulira m'tauni: chikuta ndi masiku aja mayi amene wangobereka kumene amakhala m'nyumba ndi khanda lake, osatuluka kufikira mchombo utagwa. Satunga madzi, sasinja, sapita kunkhuni. Amayi anzake ndiwo amamuphikira ndi kumutenthetsera madzi, ndipo si aliyense amaloledwa kulowamo. Makolo athu adadziwa kuti chinthu chanthete chikamabwera padziko chimafuna kutchingiridwa, ndiponso kuti wochibweretsayo sangathe kudzitchingira yekha. Azakhali sadamvepo za New Hampshire, koma masana aliwonse ndikatsegula chitseko ndimapeza mbale zovindikira bwino pakhomo: nsima ya mgaiwa, nkhwani wotendera, tsiku lina mbatatesi, tsiku lina kankhuku. Sadagogode ngakhale tsiku limodzi.

Ndidayamba kulemba, koma mutu wachinayi udakanabe. M'mutu umenewu muli nkhalamba, mwini mbumba, yemwe ayenera kuyankhula pa mlandu wa munda. Ndikamuyankhulitsa amamveka ngati akuwerenga buku la galamala la Fomu 3. Ndidang'amba masamba ambiri.

Tsiku lachisanu ndi chinayi m'mudzimo mudagwa maliro. Ndidafunsa azakhali ngati wa m'chikuta amapita kumaliro.

"Wa chikuta chenicheni sapita," adatero. "Koma inu mupite, aphunzitsi. Buku silidzakukumbirani manda."

Ndidagona pa siwa ndi amuna anzanga, tikuwotha moto. Ndidamva adzukulu akunyogodolana, ndidamva akuluakulu akukambirana za ng'ombe ndi za fetereza. M'mawa mwake, mwambo uli mkati, adaimirira mkulu wina kuyankhula m'malo mwa banja. Padali nkhani yovuta ya katundu wa malemu, aliyense amaidziwa. Mkuluyo sadaitchule. Adayamba ndi kuthokoza mafumu, adazungulira kutali, adaima nthawi yaitali akuyang'ana pansi, kenaka adaponya chiganizo chimodzi chachifupi chomwe chidachititsa anthu a mbali ina kuweramitsa mitu. Apo m'pamene ndidazindikira vuto la nkhalamba yanga: imanena zonse. Mkulu weniweni amasiya mawu ena m'kamwa kuti omvera awamalize okha.

Titachoka kumanda ndidasamba, n'kukhala pa tebulo mpaka kandulo wachiwiri adatha. Chichewa chimenecho sindikadachipeza m'mphepete mwa nyanja ya Como.

Kuyambira pamenepo ntchito idayenda. Ndimadzuka 5 koloko, kulemba mpaka dzuwa lifike pamutu, kudya, kuyenda pang'ono chakuphiri, n'kubwereranso. Lamulungu ndimalandira alendo ndi kuyatsa foni. Mayi a kunyumba amangoti, "Kuno tili bwino, lembani." Milungu itatu itakwana ndidali nditadzaza makope 7 ndipo ndidali pa mutu 11. Zomwe zidandikanika m'zaka 7 zidatheka m'masiku 21. Ndidakwera basi ndikudziona ngati munthu wamkulu zedi.

Nditafika ku Ndirande ndidapeza Chisomo, mwana wathu wotsiriza, atakhala pakhonde atafunda chitenje dzuwa likuswa mtengo. Adali ataonda, kumkono kuli kabala ka diripi. Mlamu wanga ndiye adaulula. Sabata yachiwiri mwanayu adadwala malungo aakulu mpaka kukomoka usiku. Mayi ake adamubereka kumsana kukafuna galimoto, ndipo adagona naye m'chipatala masiku atatu. Geni idaima sabata yathunthu, mpamba udathera mankhwala ndi zakudya, makasitomala a mandasi adasamukira kwa ena. Ndipo ndalama zija sizidali zosunga ayi. Idali ngongole ya kubanki m'khonde, ya chiwongoladzanja.

Ndidakwiya, kapena ndinene kuti ndidachita manyazi n'kuwaveka malaya a mkwiyo.

"Mwana kufika pokomoka, inu osandiuza? Akadapita?"

"Akadapita ndikadakuitanani," adayankha osakweza mawu. "Mukadabwera kudzatani? Ndinu dokotala? Mukadabwera, bukulo likadaimanso, ine ngongole yanga n'kupita pachabe. Mwabwera nalo?"

Ndidatulutsa makope aja. Adawatenga, adawayeza kulemera kwake m'manja monga ayezera ufa, n'kuwabweza. "Chabwino," adatero, n'kupita kukasonkha moto.

Mpaka lero sindidagwirizane nawo pa zobisa matenda a mwana, ndipo adalonjeza kuti sizidzachitikanso. Koma usiku umenewo ndidamvetsa chinthu chomwe zithunzi za pa foni zija sizidandionetse. Ine ndimaona dengu pakhomo, osaona dzanja lolibweretsa. Bata silimera lokha ngati bowa. Mlembi akakhala phee masiku 21, ndiye kuti penapake pali munthu amene wasenza katundu wake masiku 21. Kwa ine adali amayi awiri: wina pakhonde ndi lichero, wina pa benchi ya kuchipatala.

Nditabwereranso ku mbiri ya MacDowell ndidapeza zomwezo. Edward adamwalira m'chaka cha 1908, malowo atangotha chaka chimodzi. Amene adawasunga ndi Marian, yemwe kwa zaka zambiri adayendayenda m'mizinda ya America akuimba piyano ndi kuyankhula m'misonkhano kuti apeze ndalama zoyendetsera malowo, ndipo adakhala ndi moyo mpaka 1956. Ngakhale kumaiko olemera, wina amalipira. Ndipo wolipirayo akhoza kutopa kapena kusintha maganizo: m'chaka cha 2025 boma la America lidaleka kupereka ndalama ku pulogalamu ya ku Iowa ija, ndipo ntchito zake zina zidaima. Tsono ife olemba m'zinenero zathu tikamangoyang'ana kutsidya kwa nyanja, tidzakalamba tikudikira.

Pachikuto cha buku pamalembedwa dzina limodzi. Koma funso lomwe alembi sitikonda kudzifunsa n'lakuti: nanga wophikayo, chikuta chake chidzabwera liti?

Mayi a kunyumba adasiyira sukulu Fomu 4, mayeso sadakhoze bwino, ndipo chaka chilichonse amati adzalembanso. Ine mphunzitsi wathunthu ndimangoti, "N'zabwino zimenezo," n'kupitiriza kuchonga makope a ana a eni. Sindidadzifunse kuti adzawerengera pa tebulo liti, nthawi yanji. Choncho chaka chimenecho adalembetsa, ndipo pa tchuthi cha Pasaka cha 2025 ndidawaperekeza kudepoti ndi chikwama cha mabuku, ulendo wa ku Dedza, milungu iwiri. Azakhali adayalanso mkeka pakhonde.

Ine ndidatsala ndi nyumba. Ndimadzuka 3 koloko kukanda ufa, kukazinga mandasi, kusambitsa Chisomo, kukatunga madzi pampopi pa mzere wa amayi. Nsima yanga ya masiku oyamba ana amaidya mwaulemu chabe. Aneba amati aphunzitsi awadyetsa khuzumule. M'milungu iwiri imeneyo sindidalembe ngakhale mzere umodzi, ndipo sindidawerenge ngakhale nyuzi. Ndidadziwa mtengo wa bata chifukwa tsopano wolipira ndidali ine. Za mmene mayeso adayendera ndi nkhani yawo, adzakamba okha akafuna.

Ndiye kwa alembi anzanga amene muli ndi mabuku oima pa mutu wachinayi, ine ndilibe adiresi ya kunja yoti ndikupatseni. Amene mungathe kulembera kumalo ndatchula aja lemberani, ndipo mukapita mukatiimirire bwino. Koma taonani pafupi. Nyumba za a ku Joni zili mbwee m'midzimu, zokhoma. Sukulu zogonera konko zimakhala zopanda anthu pa tchuthi. M'mamishoni muli zipinda zomwe zimagona alendo kamodzi pachaka. Nyumba si vuto. Chosowa ndi munthu wokhala pakhonde, ndi munthu wotsala ndi ana. Ife Amalawi chipereganyu timachidziwa: mwezi uno ndalama zonse kwa uyu, mwezi wamawa kwa winayo. Chingatikanike n'chiyani chipereganyu cha nthawi? Ine ndi aphunzitsi anzanga awiri tayamba. Mmodzi akapita ku Dedza, otsalafe timasonkha ya thiransipoti ndi ndiwo, timayendera banja lake, ndipo akabwerako amadziwa kuti kunyumba kwake kuli wina amene akudikira ulendo wake. Tidzachita chomwechi mpaka mwini nyumba adzabwere ku Joni. Kupatsa n'kuika.

Buku lija ndidalimaliza, mitu 14. Silidasindikizidwe. Lili m'katoni pansi pa bedi, likudikira nkhondo ina yomwe alembi a Chichewa tonse timaidziwa. Tsiku lomwe ndidalemba mawu otsiriza ndidauza mayi a kunyumba kuti pa tsamba loyamba ndidzaikapo dzina lawo ndi la azakhali.

Adandiyang'ana akupukuta manja ku chitenje.

"Dzina langa ndikulidziwa kale, bambo a Chisomo," adatero. "Inu mungondibwezera mpamba wanga. Ndipo chotsanipo makope anuwo, ndikufuna kukanda ufa."